Kuweta nkhuku motayirira mu mzinda wa Blantyre: mafunso ndi mayankho

Nkhuku yachikuda imadziwa kudzisakira chakudya, n'chifukwa chake ambiri tikangopeza kamalo kuseri kwa nyumba timagula thadzi ndi tambala n'kuzileka kuti zizidziyendera. Kumudzi zimathekadi. Koma ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa bwalo ndi laling'ono, msewu uli pakhomo pomwepo, ndipo nkhuku za mabanja ambirimbiri zimapalasa pa dzala limodzi. Nkhuku iziyenda ndithu, koma nthawi yotuluka, malo ofika ndi nthawi yobwerera azilamula ndi mwini wake. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pamenepo.

Kutayirira kuli ndi phindu lanji poyerekeza ndi kutsekera?

Phindu loyamba lili m'thumba. Thadzi lotsekera limadya magalamu 110 mpaka 120 a chakudya patsiku, ndipo chonsecho mugula ndinu. Loyenda limadzitolera chiswe, ziwala, nyongolotsi, njere za udzu ndi timasamba, inu n'kungowonjezerapo. Nyama yake imakhala yolimba ndi yokoma, ndipo pamsika mtengo wa yachikuda umaposa wa nkhuku yoyera. Kuipa kwake n'kwakuti imakula pang'onopang'ono, msoti umatenga miyezi 5 kapena 6 usanayambe kuikira, ndipo masiku onsewo umakhala ukukumana ndi matenda, agalu, kabawi ndi akuba.

Ndi mtundu uti umene umapirira kuyenda panja?

Zachikuda palibe zoziposa. N'zochangamuka, zimaona kabawi ali kutali, ndipo thadzi lake limafungatira n'kulera ana lokha. Za Mikolongwe, zakuda zija, zomwe dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zinatchuka ndi dzina la malo a boma oswetsera ziweto ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, nazonso zimayenda bwino, zimakula thupi ndipo zimaikira mazira ambiri. Koma zimafuna chakudya chowonjezera chochulukirapo. Mukazisiya kuti zizingodalira dzala zimawonda.

Nkhuku zoyera zanyama musazitayirire. Zinapangidwira kudya, kugona ndi kuphedwa pakatha milungu 5 kapena 6. Kuthamanga sizitha, ndipo galu akabwera zimangomuyang'ana.

Ndizitsegulira nthawi yanji?

Osati m'bandakucha. Mathadzi ambiri amaikira m'mawa, choncho mukawatsekera mpaka cha m'ma 10 koloko mazira mudzawapeza m'chisa, osati kuseri kwa bafa la eni ake. Nthawi imeneyo mame amakhalanso atauma, ndipo piringupiringu wa maminibasi ndi akabaza wa anthu opita kuntchito amakhala atachepa.

Ngati pakhomo pamakhala popanda munthu tsiku lonse, ndi bwino kuzitulutsa mukaweruka, maola awiri kapena atatu dzuwa lisanalowe. Nkhuku yotulutsidwa madzulo sipita patali, chifukwa mdima ukamayandikira imafuna yokha pogona pake. Ena amaona ngati maola awiri ndi ochepa. Kwa nkhuku imene yadya kale m'khola n'ngokwanira.

Ndagula nkhuku ku msika wa Limbe, ina andipatsa kumudzi. Ndingoziponya m'khola limodzi ndi zakale?

Ayi. Apa ndi pomwe makola ambiri amathera. Nkhuku ya pamsika yagona m'chitete chimodzi ndi zinzake zochokera m'maboma osiyanasiyana, ndipo pali anthu amene akaona kuti khola lawo layamba kudwala amathamangira kukagulitsa zotsalazo. Imatha kuoneka yathanzi matenda ali m'kati. Isungeni payokha kwa milungu iwiri, kutali ndi zinzake, ndi mbale yakeyake ya madzi. Ngakhale yopatsidwa ndi agogo kapena apongozi, lamulo ndi lomwelo, ndipo sikuti mwanyoza mphatso.

Milungu iwiriyo imathandizanso kuti izolowere pakhomo. Nkhuku yatsopano mukaimasula tsiku lomwelo imasochera, kapena imakalowa m'khola la aneba n'kukhazikika komweko.

Chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika nkhuku zanga zimatha ndi chitopa. Nditani?

Chitopa, chomwe ena amati chideru, ndicho chimapha nkhuku zoyenda zambiri kuposa china chilichonse. Chimayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, ndipo chimavuta kwambiri kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngakhale chitha kubuka mwezi uliwonse. Nkhuku imazyolika, mapiko amagwa ngati yavala jekete, chitosi chimakhala chamadzi chobiriwira, imapuma movutikira, ndipo ina khosi limapindika n'kumazungulira pamodzimodzi. Khola losatemera chimatha kulisesa lonse m'masiku ochepa.

Chimayenda ndi chitosi, mamina, nthenga, zitete, nsapato za anthu ndi mitembo yotayidwa pamtunda. Ndiye taganizirani za nkhuku za mabanja khumi zopalasa pa dzala limodzi.

Mankhwala ochiza palibe. Chilipo ndi katemera. Woyenera nkhuku zachikuda ndi wa I-2, amene amapangidwa konkuno ku Malawi, ku Central Veterinary Laboratory, malo a boma opimira matenda a ziweto, ku Lilongwe. Mumadontheza dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku iliyonse, kaya ndi mwanapiye wa dzulo, kaya ndi tambala wokalamba. Mumabwereza miyezi 4 iliyonse, ndiye kuti katatu pachaka. Kuti musaiwale, sankhani Marichi, Julaye ndi Novembala. Wa Julaye ndiye musamuphonye, chifukwa amateteza nkhuku zikamalowa m'nyengo yotentha. Chitetezo chimayamba kugwira pakatha mlungu umodzi kapena iwiri, choncho kudikira kuti mumve zoti kwa aneba zayamba kufa ndiye muzikathamangira katemera n'kuchedwa. Nkhuku yodwala kale musaitemere. Ikafa mudzanamizira katemera, pomwe inali itapita kale.

Ubwino wa I-2 ndi wakuti amapirirako kutentha, komabe si woti n'kumusiya padzuwa kapena m'thumba la malaya. Pomunyamula kulungani botolo m'kansalu konyowa, lisungeni pamthunzi, ndipo mukalitsegula ligwire ntchito msanga. Katemera wa Lasota, amene amapezeka m'mashopu a mankhwala a ziweto, amafuna furiji nthawi zonse, ndiye magetsi akakhala akuzimazima muzifunsa m'mene wasungidwira.

Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za pakhomo limodzi. Gwirizanani ndi oyandikana nawo, musonkherane ndalama, mutemere tsiku limodzi m'mawa nkhuku zisanatuluke. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu atha kukuuzani komwe katemera akupezeka ndi kukuonetsani kadonthezedwe kake.

Nanga tsabola, aloe vera ndi makapusozi zija anthu amasungunulira m'madzi?

Chitopa sizichiza. Pa khola lililonse logwidwa ndi chitopa pamatha kupulumuka imodzi kapena ziwiri mwa mphamvu zawo, ndiye ulemu umapita kwa tsabola. Makapusozi a anthu ndiye oipa kwambiri: vayirasi samupha, amatsalira mu nyama ndi m'mazira, ndipo amazoloweretsa tizilombo tina kuti tisamamve mankhwala, tsiku lina wodwala n'kukhala mwana wanu. Mukapatsa nkhuku mankhwala ogula kushopu ya ziweto, werengani papaketi masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama yake.

Thadzi limaswa anapiye 10, koma okula amakhala awiri kapena atatu. Akupita kuti?

Thadzi limafungatira masiku 21, kenako limatuluka ndi ana n'kuyamba kuwayendetsa mtunda woyenera nkhuku yaikulu. M'mawa limawalowetsa m'mame, masana m'ngalande. Ena amafa ndi kuzizira, makamaka mu Juni ndi Julaye chiperoni chikagwa masiku angapo osaleka. Ena amamira m'beseni la madzi ochapira. Otsalawo amagawana kabawi, mphamba, amphaka, makoswe ndi akhwangwala, amene mu mzinda muno ndi ochuluka kulikonse kumene kuli msika kapena mtaya wa zinyalala.

Mwanapiye asayende momasuka mpaka atakwanitsa milungu 4 mpaka 6, nthenga zitamera. Mangani kakhola kopepuka ka nsungwi ndi waya, kopanda pansi, koti muzikasuntha tsiku ndi tsiku kuti apeze nthaka yatsopano yopalasa. Dengu lalikulu lovundikira limagwiranso ntchito, bola likhale lolowa mpweya ndi kuwala. Mbali ina ikhale ndi mthunzi, ndipo usiku azigona pouma ndi make.

Popeza mwawatsekera, chakudya chili kwa inu. Ngati ndalama ilipo gulani chakudya cha anapiye cha m'matumba. Ngati palibe, sakanizani misere yosalala ndi soya wokazinga wosinja ndi fumbi la usipa kapena bonya, lija limatsalira pansi pa thumba kwa ogulitsa nsomba. Masiku oyambirira dzira lowiritsa lonyenyanyenya limawapatsa mphamvu. Madzi aikeni m'mbale yosaya, muikemo timiyala kuti asamire.

Chiswe amachikonda kwambiri ndipo n'chaulere. Tengani mphika wakale, muikemo zitsononkho, udzu wouma ndi ndowe youma, muwaze madzi, muuvundikire pansi pamalo pomwe pamayenda chiswe. Mawa lake mudzapeza chadzaza. Koma muchite zimenezi kutali ndi nyumba, mungaitanire chiswe ku mitengo ya denga.

Chinthu china chomwe ambiri sachiganizira ndi bwalo lenilenilo. Timanyadira bwalo losesedwa mbee, lopanda ngakhale kachitsamba, koma pabwalo lotere nkhuku ilibe pothawira kabawi akatsika. Phata la nthochi, mizere ingapo ya nandolo kapena chinangwa, ngakhale lata lakale logonekedwa pa njerwa, zimapulumutsa anapiye ambiri. Ena amawapaka mankhwala ofiirira aja a jivi kuti kabawi asawazindikire. Pakani ngati mukufuna, koma zisalowe m'malo mwa kakhola.

Zimagona mu mtengo wa mango ndipo sizinavutepo. Khola n'lofunikadi?

N'lofunika. Nkhuku yogona mu mtengo simungaigwire tsiku la katemera, simungaiwerenge bwino, ndipo wakuba amangoithyola usiku. Amene muli m'mphepete mwa mapiri a Michiru, Soche, Ndirande kapena Mpingwe mumadziwanso za vumbwe, likongwe ndi njoka.

Khola labwino ndi lam'mwamba, lotalika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, pansi pake pa timitengo totalikirana pang'ono kuti chitosi chizigwa. Mizati ikulungeni ndi malata kuti khoswe aziterereka. Mazenera atsekeni ndi waya wa maso aang'ono, chifukwa pomwe palowa mutu wa likongwe thupi lonse limalowa. Nkhuku iliyonse ipeze masentimita 20 mpaka 25 pa mtengo wogonapo. M'dzinja thirani phulusa kuzungulira mizati poopa linthumbu, lomwe limatha kupha thadzi lofungatira lili pa mazira pomwepo. Ndipo chitseko chikhale cha loko.

Poti zikudzisakira zokha, ndiziwonjezeranso chakudya?

Inde. M'dzinja tizilombo ndi msipu zimachuluka, koma kuyambira Ogasiti nthaka imauma gwa, ndipo m'tauni malo opalasa ndi ochepa chaka chonse. Dzanja limodzi lodzaza pa nkhuku iliyonse patsiku ndi poyambira pabwino. Gawo lalikulu muziwapatsa madzulo, m'khola momwemo, uku mukugogoda chitini. Pakatha masiku ochepa zikangomva chitinicho zimabwera zothamanga, ndipo mutha kuzilowetsa nthawi iliyonse, kaya kukubwera mvula yamkuntho, kaya mukufuna kuchoka.

Madeya okha sakwanira. Amakhutitsa koma samanga thupi. Onjezerani soya, koma wokazinga, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Onjezeraninso fumbi la nsomba, bonongwe, chisoso, nkhwani, ndi makoko a mazira owamba pamoto n'kusinja kuti mazira asamatuluke ofewa. Nsima yotsala ilibe vuto ngati sinasase. Chimanga kapena mtedza wa chuku tayani, musapatse nkhuku poganiza kuti izo sizisankha.

Madzi ndiwo amaiwalika kwambiri. Nkhuku yaikulu imamwa pafupifupi kota ya lita patsiku, mu Okutobala kuposa pamenepo. Ikapanda kuwapeza pakhomo imakamwa a m'ngalande.

Ndi zinthu ziti za pabwalo zomwe zingaziphe?

Mankhwala a makoswe ndiwo oyamba, makamaka tameki wosakaniza ndi nsima kapena usipa. Nkhuku imadya nyamboyo, mwinanso kujompha khoswe wakufayo. Kenako mbewu ya chimanga yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira, timibulu ta feteleza tomwe nkhuku imayesa njere, masamba a m'dimba ongopopera kumene, oyilo wotayidwa kumagalaja ndi mabatire ophwanyika. Mukapeza nkhuku zingapo zonenepa bwino zitafa nthawi imodzi popanda kuzyolika, ganizirani za poizoni, ndipo zimenezo zisapite mumphika.

Aneba akudandaula kuti nkhuku zanga zikuwononga. Koma si mmene nkhuku zimachitira?

Mlandu ndi wanu. Nkhuku siidziwa malire a puloti, mwini wake ndiye amawadziwa. Mvula yoyamba ikagwa, mu Novembala kapena Disembala, anthu amadzala chimanga paliponse pomwe pali kamalo, ndipo nkhuku zimafukula mbewu phando ndi phando. Zitsekereni milungu itatu kapena inayi mpaka mmera utalimba. Chimodzimodzi tsiku limene mnzanu wayanika mphale kapena ufa pamkeka, kapena wafesa mpiru.

Zikalakwa musadikire kuti nkhani ikafike kwa amfumu. Pitani nokha: "Mayi, pepani, ndamva kuti nkhuku zanga zinalowa m'dimba mwanu. Tiyeni tikaone zomwe zawonongeka ndibweze." Mazira angapo otumiza ndi mwana nthawi ndi nthawi amatseka pakamwa pambiri. Nkhuku zambiri zofa ndi tameki sizifa mwangozi ayi, zimafa chifukwa dandaulo linanenedwa kawiri konse osamveka.

Amene muli pa lendi, yambani mwafunsa alandilodi musanagule ngakhale imodzi. Ndipo ngati chovuta ndi kulira kwa tambala m'bandakucha, dziwani kuti thadzi limaikira popanda tambala. Iye amafunika pokhapokha mukufuna anapiye, ndipo mmodzi amakwanira mathadzi 10.

Zimauluka mpanda. Ndizidule mapiko?

Dulani nsonga za nthenga zazitali za phiko limodzi lokha ndi sizasi. Ikafuna kuuluka imapendekeka n'kugwa. Sizipweteka, bola musadule nthenga zongomera kumene zomwe m'kati mwake muli magazi. Zikathothoka n'kumera zina mudzadulanso. Kumbukirani kuti nkhuku yotere galu singamuthawe bwino, choncho njirayi ndi ya amene bwalo lawo ndi lotchingidwa.

Thadzi likuikira kobisika. Ndingalibweze bwanji?

Limafuna malo amdima pang'ono ndi opanda phokoso. Ikani dengu lakale kapena katoni m'ngodya ya khola, muyalemo udzu wouma, chisa chimodzi pa mathadzi anayi kapena asanu. Potola mazira siyanimo limodzi lolembedwa chizindikiro ndi makala, apo ayi limasamuka. Lomwe lazolowera kale kutchire litsekereni mpaka masana kwa masiku angapo.

Utitiri ndi njoka za m'mimba nditani nazo?

Nkhuku yoyenda siilephera kutola zimenezi. Ikonzereni malo ouma osambira fumbi, musakanizemo mchenga ndi phulusa. Utitiri womatirira m'mbali mwa maso upakeni Vaseline, umafa wokha. Palafini ayi, amaotcha khungu ndipo akalowa m'diso ndi ngozi. Miyendo ikachita mamba okakala ipakeni mafuta ophikira kangapo pa mlungu. Thadzi likangoswa, udzu wa m'chisa utentheni. Sesani khola mlungu uliwonse, chitosicho chikaolere kudzenje la manyowa.

Mankhwala a njoka za m'mimba, monga piperazine, perekani mvula ikamayamba ndi ikamatha. Tizilonda takuda ta kumutu ndi nthomba ya nkhuku, yomwe imafala ndi udzudzu, ndipo ili ndi katemera wake wobaya paphiko. Anapiye akamachita chitosi cha magazi, kawirikawiri ndiye kuti pogona pawo m'ponyowa. Asamutsireni pouma ndipo mufunse mankhwala kwa mlangizi msanga.

Pakhomo pali mwana wokwawa. Pali choopsa?

Chilipo. Chitosi cha nkhuku, ngakhale yathanzi, chimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo mwana wokwawa chilichonse amaika kukamwa. Muyalireni mphasa pamalo pomwe nkhuku sizifika, sesani khonde m'mawa ndi madzulo, mbale zikhale pathandala, ndowa ya madzi akumwa ikhale yovundikira. Nkhuku zisagone m'khitchini kapena m'chipinda cha anthu, ngakhale mukuopa akuba. Mukagwira nkhuku kapena kusesa khola sambani m'manja ndi sopo.

Nanga akuba?

Amachuluka Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zikayandikira, pomwe nkhuku yachikuda imakwera mtengo. Masiku amenewo zitulutseni pokhapokha pali munthu pakhomo. Muziwerenga madzulo aliwonse polowa, kuti ikasowa mudziwe tsiku lomwelo. Kansalu ka mtundu umodzi kosokerera paphiko, kapena kadontho ka penti pamwendo, kamathetsa mkangano wa "iyi ndi yanga" ndi aneba amene nkhuku zawo zikufanana ndi zanu.

Nkhuku yafa yokha, kapena yayamba kuzyolika. Tingadye?

Yofa yokha musadye, ndipo musapatse galu, chifukwa amakokera mafupa ndi nthenga m'makomo mwa anthu. Musaiponye pa dzala, m'ngalande kapena mu mtsinje wa Mudi, Naperi kapena Nasolo. Ikwirireni m'dzenje lakuya, nthenga ndi matumbo omwe, kapena itentheni.

Yodwala ipatuleni nthawi yomweyo, ndipo zotsalazo zitsekereni kuti zisatengere matendawo kwa ena. Kukagulitsa kumsika ndiko kumafalitsa chitopa kuchoka dera lina kupita lina. Auzeni aneba kuti nawonso atsekere zawo. Zikafa zambiri m'masiku awiri kapena atatu dziwitsani mlangizi wa ziweto, chifukwa chimfine cha mbalame chimaoneka mofanana ndi chitopa ndipo icho chimatha kugwira munthu. Mitemboyo musaigwire ndi manja, valani jumbo.

Khola likatha, sesani, tenthani zinyalala ndi zisa zonse, tsukani mbale ndi sopo, thirani phulusa kapena laimu, ndipo padutse mwezi wathunthu musanabweretse nkhuku zina. Zatsopanozo zilandire katemera zili kumalo ake opatula, zisanaponde pabwalo.